Ashleigh Buhai ndi ntchito ya amayi osewera gofu: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene makolo a atsikana osewera gofu, ma caddie (onyamulira osewera chikwama cha ndodo) ndi anthu oonera mipikisano pa kanema amafunsa mobwerezabwereza. Mayankho ake atsata njira ya Ashleigh Buhai wa ku South Africa, chifukwa iye anayamba kupambana ali mwana koma chikho chake choyamba cha LPGA (bungwe la ku America la mipikisano ya gofu ya amayi) chinadzabwera patatha zaka 15 chilowereni ntchitoyi. Zaka zapakatizo ndi zimene zimaphunzitsa zambiri.

Kodi Ashleigh Buhai ndi ndani?

Anabadwa pa 11 May 1989 ku Johannesburg. Dzina la kwawo ndi Simon, ndipo zotsatira zake zonse zakale mudzazipeza pa dzina limenelo. La Buhai analitenga atakwatiwa mu 2016 ndi David Buhai, yemwe ndi caddie.

Mu 2004, ali ndi zaka 14, anapambana South African Women's Open pamaso pa akuluakulu amene amadyera gofu. Analowa ntchitoyi mu May 2007, tsiku lotsatira atakwanitsa zaka 18, ndipo mu June chaka chomwecho anapambana Catalonia Ladies Masters ku Spain, mpikisano wake wachitatu chabe. Anapambananso ku Portugal mu 2011 ndi kwawo mu 2018. Kenako mu August 2022 anatenga AIG Women's Open, mu December anatenga Australian Open ya amayi, ndipo mu 2023 anawonjezera South African Women's Open, ShopRite LPGA Classic ndi Australian Open kachiwiri.

Amateur ndi professional amasiyana pati?

Amasiyana pa ndalama, osati pa luso. Amateur akhoza kusewera mpikisano wa akatswiri n'kupambana, monga anachitira Buhai mu 2004, koma ndalama ya wopambana sangaitenge. Malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 amalola amateur kulandira mphotho yosapitirira madola 1,000 kapena mapaundi 700. Akalandira yoposa pamenepo, akalowa mpikisano ngati professional, kapena akayamba kuphunzitsa gofu molipiritsa, wachoka m'gulu la ma amateur.

Kunena kuti "ndine professional" sikufuna mayeso alionse. Chovuta ndi kupeza koti ukasewere, ndipo apa ndi pamene atsikana ambiri amalakwitsa: amasiya u-amateur asanapeze khadi lowalola kulowa mipikisano ya akatswiri, n'kutaya mwayi wosewerera timu ya dziko lawo ndi wa sukulu yaulere ku America, pomwe mipikisano ya ndalama sinawalandire.

Mpikisano umayenda bwanji, ndipo mashoti amawerengedwa motani?

Raundi imodzi ndi maenje 18. Dzenje lililonse lili ndi par, kutanthauza mashoti amene katswiri akuyembekezeka kumenya kuti mpira ulowe: 3, 4 kapena 5. Kuchepetsa shoti imodzi pa par ndi birdie, ziwiri ndi eagle. Kupitirira ndi imodzi ndi bogey, ziwiri ndi double bogey, zitatu ndi triple bogey. Bwalo lonse kawirikawiri limakhala ndi par 70, 71 kapena 72, ndipo wopambana ndi amene wamenya mashoti ochepa pa masiku onse. Mukaona -10 pafupi ndi dzina la munthu, ndiye kuti wachepetsa mashoti 10 pa par.

Mipikisano yambiri ya LPGA ndi ya masiku anayi, Lachinayi mpaka Lamulungu, maenje 72. Ina, monga ShopRite, ndi ya masiku atatu. Pakatha maraundi awiri pamakhala cut: pa LPGA, kuyambira 2023, osewera 65 oyambirira pamodzi ndi onse ofanana mashoti ndi wa nambala 65 amapitirira, otsalawo amapakira. Mumpikisano wa anthu 144, oposa theka amabwerera Lachisanu madzulo.

Ma tour ndi chiyani, ndipo mayi angasewere ati?

Tour ndi bungwe limene limakonza mndandanda wa mipikisano ya chaka chonse ya mamembala ake. Lalikulu ndi LPGA Tour ya ku America, imene amayi 13 anaiyambitsa mu 1950, mwa iwo Babe Zaharias, Patty Berg ndi Louise Suggs. Lotsatira ndi Ladies European Tour, mwachidule LET, ya mu 1978, imene imafika mpaka ku Morocco, South Africa, India ndi Australia, ndipo mu 2019 inafikanso ku Kenya pa bwalo la Vipingo Ridge. Japan ndi South Korea ali ndi ma tour awo amphamvu kwambiri, moti osewera ena abwino sachoka n'komwe kwawo.

Pansi pa amenewa pali ma tour okulira: Epson Tour ya LPGA ndi LET Access Series ya ku Ulaya. Kuno kummwera kwa Africa kuli Sunshine Ladies Tour, imene inayamba mu 2014 ndipo imaseweredwa kumayambiriro kwa chaka. Mipikisano yake ina, monga Joburg Ladies Open ndi South African Women's Open, imakonzedwa pamodzi ndi LET, choncho wopambana pamenepo watsegula khomo la ku Ulaya asanakwere ndege.

Khadi la tour amalipeza bwanji?

Khadi ndi umembala umene umakupatsa malo pa mndandanda wa olowa mipikisano. Njira zazikulu ndi zitatu.

Yoyamba ndi Q-School, mipikisano yoyesera imene imachitika kumapeto kwa chaka m'magawo angapo. Wosewera amalipira yekha polowa, palibe ndalama yoti n'kudalira, ndipo gawo lililonse limadula anthu. Gawo lomaliza la LPGA linkakhala la maraundi 8 m'masabata awiri. Mu 2024 linali la maraundi 5 ku Mobile, Alabama, ndipo makhadi anapita kwa 25 oyambirira ndi ofanana nawo. Q-School ya LET imachitikira ku Marrakech, Morocco. Buhai anadutsa njira imeneyi kangapo: anayamba kusewerako pa LPGA mu 2008, ndipo anabwereranso ku Q-School kukapeza khadi la 2014.

Yachiwiri ndi kusewera chaka chathunthu pa tour yokulira. Epson Tour inkapereka makhadi 10, ndipo kuyambira 2024 ikupereka 15. Njirayi ndi yachilungamo kuposa Q-School chifukwa sabata imodzi yoipa siikugwetsa, koma ndalama zake n'zochepa ndipo maulendo ndi ataliatali.

Yachitatu ndi kupambana mpikisano wa LPGA usanakhale membala, utalowa moitanidwa kapena kudzera m'mpikisano wa Lolemba, kumene anthu ambiri amalimbirana malo awiri okha. Zimachitika koma mwa apo ndi apo. LPGA imafuna kuti membala akhale wa zaka 18, ngakhale inalolapo ochepera monga Lexi Thompson ndi Lydia Ko atapempha mwapadera.

Munthu akapeza khadi, ndiye kuti wakhazikika?

Ayi. Khadi limagwira ntchito chaka chimodzi, ndipo makhadi si ofanana. Mamembala amaikidwa m'magulu, ndipo malo a mpikisano amadzaza kuyambira gulu lapamwamba kutsika. Pa LPGA amene amaliza chaka ali mwa 80 oyambirira pa mapointi a CME (amene wosewera amatolera pa mipikisano ya chaka chonse) amalowa pafupifupi paliponse. A nambala 81 mpaka 100 amasungabe khadi koma amakhala kumbuyo. Wotsika kuposa pamenepo amabwerera ku Q-School kapena ku Epson.

Wobwera kumene amavutika kawiri. Mipikisano ya kumayambiriro kwa chaka ku Asia, monga ya ku Thailand ndi Singapore, ndi ya anthu ochepa, ilibe cut, ndipo mlendo salowamo. Akamadzayamba kusewera amapeza anzake atola kale mapointi. Mkati mwa chaka mndandanda wa magulu apansi umasanjidwanso potengera mmene munthu wachitira, choncho mipikisano yoyambirira isanu kapena isanu ndi umodzi imalemera kuposa mmene imaonekera. Kupambana kamodzi kumathetsa nkhawa imeneyi kwa zaka ziwiri, ndipo kupambana major (umodzi mwa mipikisano isanu ikuluikulu) kwa zaka zisanu.

Kodi amalandira malipiro a pamwezi?

Salandira. Wosewera gofu ndi munthu wodzilemba yekha ntchito. Alibe timu yomulipira ngati wa mpira wamiyendo. Ndalama imachokera ku mphotho za mipikisano, ku makampani amene amalipira kuti dzina lawo likhale pa chipewa, malaya kapena chikwama, ndi ku masiku osewera ndi alendo a makampani.

Pa LPGA wopambana amatenga pafupifupi 15 peresenti ya thumba lonse. Ku AIG Women's Open ya 2022 thumba linali madola 7.3 miliyoni ndipo Buhai anatenga 1,095,000. Ku ShopRite mu 2023 thumba linali 1.75 miliyoni, iye anatenga 262,500. Ziwerengerozi zakwera kwambiri zaka zaposachedwa: U.S. Women's Open ya 2024 inali ndi madola 12 miliyoni, ndipo Jeeno Thitikul anatenga 4 miliyoni pa CME Group Tour Championship chaka chomwecho. Koma ndalamayi imatsika msanga munthu akamatsika pa mndandanda, ndipo wogwa pa cut sapatsidwa kanthu, kupatula m'mipikisano ina imene imaperekako kangachepe kothandizira ulendo.

Nanga ndalamazo zimathera kuti?

Zambiri zimatuluka wosewera asanamenye shoti yoyamba. Tikiti ya ndege, malo ogona kwa sabata, galimoto, chakudya, ndalama yolowera mpikisano, malipiro a caddie, kochi ndi wowongola minofu, zonse ndi za m'thumba mwake. Zili ngati mayi wa geni ya tomato amene walipira minibasi ndi chiphaso cha msika asanagulitse mulu ndi umodzi womwe. Akagwa pa cut masabata anayi otsatizana, ndalama zonsezo zapita ndipo palibe chalowa.

Pamenepo onjezani msonkho. Dziko limene mpikisano wachitikira limadula gawo lake, ndipo ku America mlendo amene si nzika akhoza kudulidwa 30 peresenti ndalamayo isanafike m'manja. Tiyerekeze kuti wapeza madola 20,000 pa sabata: 6,000 yagwidwa ya msonkho, 1,000 ndi gawo la caddie kuwonjezera pa malipiro ake a sabata, kenako achotsepo ulendo. Chotsalacho ndi chimene chiyenera kulipirira masabata amene sadzapeza kalikonse. N'chifukwa chake ambiri amagona m'nyumba za mabanja odzipereka kulandira osewera, kapena amagawana nyumba ndi galimoto awiri kapena atatu.

Wochokera ku Africa ali ndi mtolo wina: ndalama ya kwawo ikamagwa mphamvu, wothandiza wa kumudzi amene amapereka ma rand kapena makwacha amakhala akupereka zochepa chaka ndi chaka.

Caddie amangonyamula chikwama basi?

Kunyamula ndi gawo laling'ono. Lolemba kapena Lachiwiri caddie amayenda bwalo lonse ndi kabuku ka miyeso, kulemba mtunda kuchoka pa malo odziwika kufika kutsogolo kwa green (malo a udzu wosalala ozungulira dzenje), kumene nthaka yapendekera, ndi mbali imene mpira suyenera kupita zivute zitani. Pa shoti iliyonse amapereka manambala: mtunda wofika kutsogolo kwa green, wofika pa mbendera, ndi zowonjezera kapena zochotsera chifukwa cha mphepo, chitunda ndi kuzizira. Amapukuta ndodo ndi mpira, amasalaza mchenga wa mu bunker (chidzenje cha mchenga), amawerenga ndodo asananyamuke, ndipo amadziwa nthawi yolankhula ndi yokhala chete.

Mwa chizolowezi amalandira malipiro a sabata, kuphatikiza 5 peresenti ya mphotho wosewera akadutsa cut, 7 peresenti akakhala mwa 10 oyambirira ndi 10 peresenti akapambana, ngakhale aliyense amagwirizana mwake. Caddie akaphwanya lamulo, chilango chimagwera wosewera. David Buhai ananyamulapo chikwama cha mkazi wake kwa zaka zingapo, kenako anasiyana pa ntchito kuti banja lisamadalire chikwama chimodzi, ndipo sabata ya ku Muirfield iye ankanyamulira Jeongeun Lee6 wa ku South Korea.

Sabata ya mpikisano imakhala yotani?

Lolemba ndi ulendo. Lachiwiri ndi kuyesera bwalo. Lachitatu ndi pro-am, pamene wosewera amayenda ndi alendo a makampani othandiza, ndipo wosankhidwa sangangokana chifukwa ndalama ya mpikisano imachokera kwa anthu amenewo. Lachinayi ndi Lachisanu aliyense amasewera kamodzi m'mawa, kamodzi masana, kuti nyengo igawanike mofanana. Wonyamuka 7 koloko amadzuka cha m'ma 4 koloko: kutenthetsa thupi, kudya, pafupifupi ola limodzi akumenya mipira yoyesera, kenako maola asanu akuyenda makilomita 8 kapena kuposerapo. Akamaliza ambiri amabwerera kukakonza chimene chinavuta. Lamulungu usiku amakhala ali pa bwalo la ndege.

M'chikwama mumakhala ndodo zingati?

Zosapitirira 14. Kawirikawiri ndi driver, ma wood awiri, hybrid imodzi kapena ziwiri, ma iron kuyambira 5 mpaka 9, ma wedge atatu kapena anayi, ndi putter. Chofunika si mayina koma mipata: ndodo iliyonse izisiyana ndi inzake ndi mayadi 10 mpaka 15, pasakhale mtunda umene ulibe ndodo yake. Pa LPGA driver, ndodo yomenyera patali kwambiri, imafikitsa mpira mayadi 250 mpaka 260 kwa ambiri, kapena kuti mamita 230 mpaka 240.

Ma wedge amatha msanga chifukwa mizere ya pankhope pake imafufutika ndi mchenga, ndipo mpira umasiya kuima pa green. Mtunda umasinthanso ndi malo. Ku Johannesburg, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, mpira umauluka patali pafupifupi 10 peresenti kuposa m'mbali mwa nyanja. Wokulira kumeneko akafika ku Scotland ayenera kuyezanso ndodo zake zonse, apo ayi mashoti ake onse azigwa asanafike pa green.

Ma major ndi chiyani?

Ndi mipikisano isanu ikuluikulu ya chaka: Chevron Championship, U.S. Women's Open, KPMG Women's PGA Championship, Amundi Evian Championship ya ku France, imene inakhala major mu 2013, ndi AIG Women's Open ya ku Britain, imene inakhala major mu 2001. Ili ndi osewera amphamvu, mabwalo ovuta, ndalama zambiri ndi mapointi ochuluka pa Rolex Rankings, mndandanda wa dziko lonse umene unayamba mu 2006 ndipo umawerengera zotsatira za masabata 104 apitawo. Buhai asanapambane, mayi wa ku South Africa amene anatengapo major anali Sally Little yekha, mu 1980 ndi mu 1988.

Ku Muirfield mu 2022 kunachitika zotani kwenikweni?

Muirfield ndi bwalo la m'mbali mwa nyanja ku Scotland, la mphepo ndi ma bunker akuya okhala ndi zipupa zoongoka. Kalabu yake inavota mu 2017 kuti ilole amayi kukhala mamembala, ndipo 2022 inali nthawi yoyamba kuti Women's Open iseweredwe pamenepo. Gary Player anapambanapo Open ya amuna mu 1959 ndi Ernie Els mu 2002, onse a ku South Africa.

Buhai anamenya 70, 65 ndi 64 m'masiku atatu oyamba, n'kufika Lamulungu pa 7 August ali patsogolo ndi mashoti asanu. Anagwirabe chitsogozo mpaka dzenje la 15, la par 4. Pamenepo mpira wa driver unalowa mu bunker n'kukhala moyandikira chipupa, moti kutsogolo kunalibe njira. Anautulutsira kumbali, koma unapitirira n'kulowa mu udzu wautali. Kuchoka mmenemo mpira sunapite patali, ndipo pomaliza dzenjelo anali atamenya mashoti 7. Mpata wonse unatheratu pa dzenje limodzi. Anamenya par pa maenje atatu otsalawo, n'kumaliza ndi 75, kufanana ndi In Gee Chun wa ku South Korea pa -10.

Kuti wopambana apezeke, awiriwo anabwereza dzenje la 18 kanayi, kunja kukuda. Katatu anafanana. Ulendo wachinayi Chun anagwetsera driver yake mu bunker ndipo anakakamizika kungotulutsa. Shoti yachiwiri ya Buhai nayo inalowa mu bunker ya pafupi ndi green, koma anautulutsa mpirawo n'kuuika pafupi kwambiri ndi dzenje, anamenya par, Chun bogey. Buhai anali ndi zaka 33, ndipo anali atasewera mipikisano ya LPGA yoposa 200 osapambana.

Phunziro la ntchito pa dzenje la 15 ndi lomveka: pa mabwalo a mtundu umenewu bunker ya pa fairway (njira ya udzu waufupi yopita ku green) ndi shoti imodzi yotayika, ndipo cholinga chikhale kuika mpira pa udzu waufupi basi. Koma chimene ife timachiona chachikulu ndi maenje 16, 17 ndi 18. Osewera ambiri akataya mashoti atatu nthawi imodzi amathamangira kuwabweza, n'kutayanso ena.

N'chifukwa chiyani zinamutengera zaka 15, ndipo chinasintha n'chiyani?

Kupambana uli mwana kumabweretsa chiyembekezo chimene ntchito ya tsiku ndi tsiku siingachikwaniritse msanga. Pa LPGA kusiyana kwa wa nambala 20 ndi wa nambala 90 kukhoza kukhala shoti imodzi pa raundi, ndipo shoti imeneyo nthawi zambiri imatayika pa ma putt aafupi (mashoti ogubuduza mpira pa green) kapena pa chisankho choipa mtima uli m'mwamba. Buhai anathera zaka zambiri pakati pa LET ndi LPGA, akulimbana ndi nkhani ya khadi imene yafotokozedwa pamwambapa.

Mu 2019 ku Woburn anatsogola masiku awiri oyamba a Women's British Open (dzina lakale la AIG Women's Open), anasewera m'gulu lomaliza ndi Hinako Shibuno amene anapambana, iye n'kumaliza wachisanu. Ku Muirfield anayendanso ndi Shibuno yemweyo tsiku lomaliza, koma ulendo uno anali ataonapo kale mmene Lamulungu la major limakhalira. Kumayambiriro kwa 2022 anayamba kugwira ntchito ndi Duncan McCarthy, kochi wa za maganizo, pa mfundo yoti aziika mtima pa zimene angathe kuzilamulira, osati pa zotsatira. Iye anafotokoza kuti sabata imeneyo ankaganiza chinthu chimodzi chokha pomenya: kukweza ndodo modekha, ngati ndi 40 peresenti ya liwiro lake. Munthu akachita mantha amakweza ndodo mothamanga, manja amatsogola thupi, mpira n'kupatuka. Ganizo limodzi losavuta limatchinga zimenezo.

Ndi zolakwa ziti za malamulo zimene zimawonongetsa osewera?

Yoopsa ndi khadi la mashoti. Mashoti ako amalemba ndi mnzako amene ukusewera naye, iwe umaona n'kusaina. Ukasainira nambala yocheperapo pa dzenje lililonse umachotsedwa mu mpikisano, ukasainira yokulirapo imakhala yomweyo. Jackie Pung anamenya mashoti ochepa kuposa onse pa U.S. Women's Open ya 1957, koma khadi lake linali ndi 5 pa dzenje limene anamenya 6. Chiwerengero chonse chinali cholondola, komabe anachotsedwa ndipo chikho chinapita kwa Betsy Rawls. N'chifukwa chake wosewera amawerenga dzenje ndi dzenje kawiri asanatuluke m'chipinda chosainira.

Pa ANA Inspiration (dzina lakale la Chevron Championship) ya 2017 Lexi Thompson anapatsidwa chilango cha mashoti anayi tsiku lomaliza, chifukwa dzulo lake anabwezera mpira pa green pamalo osiyana pang'ono ndi pamene anauchotsa, ndipo woonera pa kanema anadziwitsa akuluakulu. Thompson anagonja kwa So Yeon Ryu. Kuyambira 2018 madandaulo a oonera kunyumba salandiridwanso. Mu 2023 ku Evian, Carlota Ciganda anachotsedwa atakana kulemba chilango cha mashoti awiri cha kuchedwa kusewera.

Zina zofala: ndodo ya nambala 15 m'chikwama ndi mashoti awiri pa dzenje lililonse, mpaka anayi. Mpira wosapezeka pa mphindi zitatu watayika, ndipo umabwerera pamene unamenyera ndi shoti imodzi yachilango. Kuchedwa pa nthawi yonyamukira ndi mphindi zosapitirira zisanu ndi mashoti awiri, kupitirira pamenepo wachotsedwa.

Nanga wosewera akakhala woyembekezera?

Ambiri amasewera miyezi yoyambirira, kenako n'kupuma. Malamulo a LPGA a mu 2019 amapatsa mayi mpaka zaka ziwiri chibadwire mwana kuti abwerere pa gulu limene anali, ndipo tour ili ndi malo osamalira ana amene amayenda ndi mipikisano ya ku America kuyambira 1993. Vuto limakhala kwa makampani othandiza, chifukwa mapangano ambiri amalipira potengera kuchuluka kwa mipikisano imene wasewera. KPMG italipira Stacy Lewis ndalama yonse ya 2018 ali woyembekezera, inali nkhani yaikulu chifukwa sizinali zachizolowezi. Catriona Matthew wa ku Scotland anapambana Women's British Open ya 2009 patangotha masabata 11 atabereka mwana wachiwiri.

Ntchitoyi imatha munthu ali ndi zaka zingati?

Palibe msinkhu woikika. Lorena Ochoa anapuma mu 2010 ali ndi zaka 28, ali nambala 1 pa dziko lonse. Annika Sörenstam anapuma mu 2008 ali ndi zaka 38, atapambana ka 72 pa LPGA, ma major 10 mwa imeneyo. Juli Inkster anatenga U.S. Women's Open ya 2002 ali ndi zaka 42. Koma amenewa ndi amene anasankha okha. Ambiri amachoka chifukwa khadi latayika, ndalama yatha, kapena msana, chiuno ndi mfundo za dzanja zakana. Ena amakhala makochi, ofotokozera pa kanema kapena oyang'anira makalabu. A zaka 50 kupita m'tsogolo ali ndi U.S. Senior Women's Open, imene inayamba mu 2018.

Kulowa mu LPGA Hall of Fame kumafuna mapointi 27: imodzi pa mpikisano wamba, ziwiri pa major, imodzi pa mendulo yagolide ya Olympics ndi zina pa mphotho za chaka. Lydia Ko anakwanitsa yake yomaliza ndi golide wa ku Paris mu 2024.

Mtsikana wa ku Malawi kapena Zambia angayambire pati?

Ayambe ndi handicap (nambala yoonetsa luso la wosewera, imene imatsika akamasewera bwino) yovomerezeka kudzera ku kalabu, monga Lilongwe Golf Club, Blantyre Sports Club kapena Country Club Limbe, ndipo azilemba raundi iliyonse, yabwino ndi yoipa yomwe. Handicap yotsitsidwa mwa kubisa masiku oipa imaululika tsiku loyamba la mpikisano weniweni. Asanaganize za ndalama iyenera kufika pa ziro kapena kupitirira, ndipo azitha kumenya par pa mabwalo achilendo, aatali mayadi oposa 6,200, osati pa bwalo la kwawo lokha limene amalidziwa chitsamba ndi chitsamba.

Chachiwiri ndi mipikisano ya kunja akadali amateur. All Africa Challenge Trophy, ya matimu a amayi a m'maiko a mu Africa, yakhala ikuchitika kuyambira 1992. Mipikisano ya GolfRSA ku South Africa ndi yapafupi imene ambiri amapezerako mapointi a World Amateur Golf Ranking, ndipo makochi a mayunivesite a ku America amayang'ana mndandanda umenewo pamodzi ndi zotsatira za m'kalasi popereka sukulu yaulere. Zaka zinayi za ku yunivesite zimapereka kochi, bwalo ndi maulendo zimene banja silikanakwanitsa, komanso digiri yoti n'kudzagwira khadi likadzakana.

Pambuyo pake mpamene angaganize za Sunshine Ladies Tour ndi Q-School ya ku Marrakech. Njirayi yayendedwapo ndi amayi a mu Africa: Lee-Anne Pace anamaliza chaka cha 2010 ali nambala 1 pa LET n'kudzapambana pa LPGA mu 2014, Paula Reto anapambana ku Canada masabata atatu Buhai atapambana ku Muirfield, ndipo Ines Laklalech wa ku Morocco anatenga Open ya amayi ya ku France mu 2022. Ku Olympics kumalowa amayi 60, ndipo kupatula omwe ali mwa 15 oyambirira pa dziko, dziko lililonse limaloledwa awiri okha, zimene zimasiyira malo osewera a m'maiko opanda akatswiri ambiri. Asanasaine kusiya u-amateur, akhale ndi ndalama ya maulendo a chaka chathunthu ili kale m'manja kapena yolembedwa m'pangano, ndipo panganolo linene momveka gawo la mphotho limene wothandiza azitenga komanso chaka chimene lidzathe.